Singano ya Kambale ka Batoul

"Chinthu ichi chisagone m'nyumba ya mwana wanga," anatero Lalla Mbarka, mayi wa mwamuna wa Zhor, akuloza ndi ndodo galamafoni imene inali patebulo.

Zhor anapitiriza kupukuta fumbi pachivundikiro. Galamafoniyo anali atangoigula kumsika wa zakale wa Derb Ghallef, yotha utoto, ngodya imodzi yobenthuka, koma yozungulira bwinobwino. Anainyamula yekha m'basi kudutsa Casablanca yense, ndipo msana unali kumupweteka. Za kukangana ndi apongozi analibe nazo nthawi.

"Ndikulankhula ndi iwe, mwana wa shikha."

Dzina limeneli Zhor analimva kuyambira tsiku limene analowa m'banjamo. Amayi ake, malemu Batoul, anali shikha, mayi woyimba ndi kuvina m'maukwati a anthu. Anthu amawaitana ashikha, amawafupa, amavina nawo mpaka thukuta, koma kukacha palibe amene amafuna kuwatchula achibale. Batoul anajambulitsa kambale kamodzi kokha moyo wake wonse, nyimbo imodzi mbali iyi, ina mbali inayo. Kambaleko Zhor anakasunga pansi pa sutikesi, kokulunga m'mpango, ndipo ana ake anakula osamva mawu a agogo awo.

Tsopano mwana wake Ghizlane anali kukwatiwa. Loweruka linali tsiku la hina, pamene akazi a mbali zonse ziwiri amasonkhana kudzalemba mkwatibwi m'manja ndi kumapazi ndi utoto wotchedwa hina. Zhor anali atatsimikiza mtima kuti tsiku limenelo amayi ake adzayimba.

"Ndakumvani, Lalla," anatero. "Igona momwe muno, ndipo Loweruka ilira."

"Ilira? Pamaso pa Lalla Touria, mayi wa mkwati? Ine ndinawauza akuchimuna kuti amako anali telala wa ku Safi. Ukufuna andione wabodza?"

"Sindinakutumeni ine."

"Abdelkebir! Tabwera udzamve mkazi wakoyu!"

Abdelkebir anatuluka kuchipinda akukwekweretsa masilipasi. Anali munthu wabwino, koma wa mtundu uja woti mayi ake ndi mkazi wake akayambana iye amayang'ana kudenga.

"Tiyambe taona ngati ikulira n'komwe," anatero.

Zhor anamasula mpango, naika kambale, natsitsa mkono wa galamafoni pang'onopang'ono. Kunamveka phokoso ngati la mafuta m'poto, kenako vayolini, kenako ng'oma. Mawu a Batoul atangotuluka, singano inadumpha n'kubwerera pomwe inayambira. Inadumphanso. Inadumphanso.

Lalla Mbarka anaseka mpaka kutsokomola. "Waona? Ngakhale makina akuchita manyazi."

Mwamuna sangaone makina akuvuta osaikapo dzanja. "Singano yatha iyi," anatero Abdelkebir. "Bambo anga ankangoika ndalama pamwamba." Anapisa m'thumba, natulutsa dirhamu yachitsulo, naisanjika pamutu pa mkonowo. Nyumba zambiri zinkachita choncho kale, ndipo palibe ankafunsa chifukwa chake mbale zinkatha msanga.

Singano inaleka kudumpha, inde. Koma mawu anatuluka osasa, ndipo Zhor atawerama anaona kanjira kotuwa kakutsatira singanoyo pambale yakudayo, ndi kafumbi kopyapyala.

"Chotsani! Mukupala amayi anga!"

Anakankha dzanja la mwamuna wake, ndalama inagwa pansi n'kugubuduzika. Ananyamula kambale n'kukayang'ana pawindo. Chiyambi cha nyimbo chinali chitatuwa. Misozi inatsika yokha. Anakakulunga m'mpango, nalowa kuchipinda, namenyetsa chitseko mpaka makapu analira m'kabati.

Kutacha anamasula kamutu kamene kamagwira singano, nakakulunga m'pepala, nabwerera ku Derb Ghallef. Abdelkebir anamutsatira osaitanidwa, nkhope ili pansi. Wogulitsa zida za wailesi, Si Bouazza, anali kudya buledi ndi mafuta a azitona pakati pa mawaya ndi masipika akufa. Anapukuta zala, nayang'ana kamutuko pagalasi lokuza.

"Lalla, iyi si singano. Uwu ndi msomali. Mumakhomera chiyani?"

"Funsani bambo awa."

Si Bouazza anayang'ana Abdelkebir, naona kuti nkhaniyo si yolowamo. Anatulutsa kabokosi kowala. "Kamutu katsopano, kathunthu, kochokera kunja. Mukaika aka, woyimbayo mumamva ndi kupuma kwake komwe."

Atatchula mtengo, Zhor anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndikukwatitsa mwana, Si Bouazza. Wa nkhosa wandidya, ophika andidya, wa madiresi wanditsiriza. Inunso mukufuna mafupa? Kamutu kangaka kali ndi vuto?"

"Kamutu ndi kabwino."

"Ndiye tikambe za singano."

Bamboyo anatsegula dirowa. "Iyi ndi yeniyeni, ya kampani yomwe inapanga galamafoni yanuyo. Yagwirako ntchito pang'ono. Inali ya dokotala wina, munthu wosamala zinthu."

"Titenge imeneyo," anatero Abdelkebir. "Yeniyeni ndi yeniyeni."

"Dokotalayo ali kuti ndimufunse?" anatero Zhor.

"Anamwalira, Mulungu amuchitire chifundo."

"Amuchitiredi. Ndiye ndani andiuze kuti yayenda mbale zingati? Yakaleyi nayonso m'maso mwanga inkaoneka yabwino. Ndionetseni zatsopano, za ife osauka."

Si Bouazza anaika timapaketi tiwiri pathabwa, tonse tongotengera, topanda dzina lodziwika. Singano ina, anatero, nsonga yake ndi yosongoka, imalowa mkati mwa kanjira, ndipo pambale yatsopano imatulutsa zonse. Koma pambale yakale imatulutsanso zipsera zonse. Inayo ndi yobulungira, yotsika mtengo kuposa zonse, sikometsa mawu, koma imayenda mofatsa pomwe papwetekedwa.

"Mbale zanu ndi zotani?"

"Ndi imodzi. Yakale. Ndipo dzulo yapalidwa ndi munthu wina."

Abdelkebir anatembenukira kwa mkazi wake. "Zhor, leka ndilipire kamutu kodula kaja. Ndalakwa ndine. Amayi ako tisawagulire chotsika mtengo kuposa zonse."

"Lero mwawakumbukira amayi anga? Sindikufuna yodula ine, ndikufuna yosapweteka. Ndipatseni yobulungirayo. Ndipo muiyese pa mbale yanu, osati yanga."

Si Bouazza anailowetsa m'kamutu, naiyesa pa galamafoni yake. Inayenda osadumpha. Zhor analipira ndi ndalama zake za kusoka makatani, natsitsabe mtengo, chifukwa kusatsitsa n'kuchitira mwano wogulitsa.

Ali m'basi, Abdelkebir analankhula motsitsa mawu. "Nanga akuchimuna akakhumudwa? Ukwati wa mwana uthere nyimbo?"

"Ghizlane ndamufunsa. Wati ilire."

"Ndi mwana uja, sadziwa anthu."

"Ine ndimawadziwa. Ndakhala m'nyumba mwanu ngati munthu wotoledwa panjira, wopanda mayi. Mwana wanga sakalowa kwa eni ake atanyamula bodza. Ngati angamusiye chifukwa cha agogo ake, amusiye asanamutenge."

Loweruka masana pabalaza panadzaza akazi. Ghizlane anakhala pakati atavala kaftani, diresi lalitali lobiriwira, manja atawasanjika pamapilo, wolemba hina akumujambula timaluwa. Lalla Touria anakhala pamalo aulemu, zibangili zagolide zili ngwee, Lalla Mbarka ali pambali pake akumuthirira tiyi ndi kumusekerera.

Zhor analowa atanyamula galamafoni. Anasuntha mbale ya makeke, naiika patebulo, nalumikiza kumagetsi. Nkhope ya Lalla Mbarka inauma.

"Zhor, mwana wanga," anatero ndi mawu a uchi, "alendo atopa ndi phokoso."

"Ndi nyimbo imodzi, Lalla."

Anatsitsa mkono. Pamene panapalidwa paja panalira ngati mvula padenga, vayolini ikumveka patali. Singano inayenda, inadutsa, ndipo mawu a Batoul anatuluka, aakulu, okhakhala pang'ono, mawu a mayi wozolowera kuyimba pabwalo popanda chokuzira. Macheza onse anatha.

"Uyu ndi shikha," anatero Lalla Touria. "Ndani ameneyu?"

"Za kumsika izi, zotola," anayankha msanga Lalla Mbarka. "Mpongozi wangayu amakonda zakale."

"Ndi agogo anga," anatero Ghizlane. Misozi inali kuyenderera m'masaya, ndipo sakanatha kuipukuta chifukwa hina anali asanaume. "Amayi a amayi anga. Dzina lawo Batoul."

Lalla Touria anaika kapu pansi. "Kodi sanali telala?"

"Ankasoka madiresi awo ovinira," anatero Zhor. "Apo pokha ndi pomwe apongozi anga sananame."

Mtsikana wina anaseka, mayi ake n'kumutsina. Lalla Mbarka anadzuka, nagogoda ndodo pansi.

"Abdelkebir! Abdelkebir!"

Bamboyo anaonekera pakhomo, pomwe ankalandira mathireyi, posafuna kulowa pakati pa akazi.

"Zimitsa chinthu ichi. Zula waya. Lero usankhe, ine kapena nyimbo za m'misewu!"

Abdelkebir anayang'ana kudenga monga mwa nthawi zonse. Kenako anayang'ana mwana wake, manja ali m'malere, nkhope yonyowa. Analowa, natenga mpango patebulo, namupukuta misozi.

"Amayi, khalani pansi," anatero. "Akuyimba apongozi anga."

"Ndakubala ine!"

"Inde, Amayi. Nayenso Zhor anabadwa kwa munthu."

Lalla Mbarka anayang'ana akazi onse kufuna womuthandiza. Palibe anatukula maso. Anakoka mpango wake, natuluka akulira mokweza, namenyetsa chitseko mwamphamvu mpaka tebulo linagwedezeka. Singano inadumpha, nyimbo inaduka.

Aliyense anayang'ana Lalla Touria, kudikira kuti aitanitse nsapato zake. Zhor sanadikire. Anali ataphika kuyambira m'mawa, miyendo inali itatupa, ndipo anali atatopa ndi kudikira nkhope za anthu.

"Lalla Touria," anatero, "mwana ndi uyu, agogo ake ndi awa. Mukamutenga, mutenga zonse. Mukafuna kupita, chitseko mwachiona mmene chimatsekedwera."

Lalla Touria anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanamwetulire. Anatambasula dzanja, natenga keke, nailuma.

"Amayi anuwo sanamalize," anatero.

Kumbuyo azakhali ena a mkwati anayamba nthungululu. Zhor ananyamula mkono wa galamafoni ndi zala ziwiri, naubwezera pachiyambi penipeni, pomwe panapalidwa paja, nakweza mawu kuti amveke mpaka pamasitepe pomwe Lalla Mbarka anali kutsika.