Sumire ndi Tsache Lozondoka

Sumire ankakhala mu hotela ya makolo ake, pakati pa mzinda wa Kyoto. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukaona masamba ofiira ku kachisi wa paphiri.

Alendo onse ankapita kumeneko. Koma Sumire, mwana wa mumzinda momwemo, anali asanapondeko.

"Ababa, tipita liti?" anafunsa Sumire.

"Alendo onse akatuluka, tipita," anayankha bambo ake. "Sitingasiye mlendo yekha."

Alendo anatuluka. Ena anatenga makamera. Ena anatenga maambulera. Koma pakhomo panatsala nsapato zakuda. Zinali za a Kuroda, mlendo wachikulire.

Dzana a Kuroda sanatuluke. Dzulo sanatuluke. Ankangomwa tiyi pawindo. Kunja masamba anali atayamba kuyoyoka. Sumire anada nkhawa. Nanga akayoyoka onse?

Sumire anatenga tsache. Analizondotsa. Analiimika pakhonde. Analifunditsa kansalu. Ku Kyoto amati tsache lozondoka limachotsa mlendo wokhalitsa.

Sumire anabisala. Anasuzumira. Kodi tsache lingathedi zimenezi?

Posakhalitsa a Kuroda anatulukira pakhonde. Anaona tsache. Anaima. Analiyang'anitsitsa.

"Ndamva," anatero chapansipansi. Anabwerera kukalongedza chikwama.

Mayi ake a Sumire analiona tsache lija. Anagwira pakamwa.

"Iwe Sumire, watichititsa manyazi," anatero. "Mlendo uja akuchoka chifukwa cha iwe."

Sumire anamva chisoni. Tsache linagwira ntchito mopitirira! Anathamangira kuchipinda cha a Kuroda. Anagwada pakhomo. Anawerama mpaka mphumi inagunda mphasa.

"Agogo, pepani," anatero. "Sindimafuna kuti muchokeretu. Ndimangofuna mukayendeko."

A Kuroda anasiya kulongedza.

"Nanga bwanji simutuluka?" anafunsa Sumire. "Nsapato zimakuthinani?"

A Kuroda anaseka pang'ono. "Ayi, mwanawe, sizithina. Kale ndinkabwera kuno ndi akazi anga. Tinkakwera limodzi ku kachisi wa paphiri. Tsopano anamwalira. Ndikafuna kupita ndekha, miyendo imakana."

Sumire anaganiza. Anaganizanso.

"Ine njira sindiidziwa," anatero. "Inu mukuidziwa. Bwanji mundiperekeze?"

A Kuroda anayang'ana chikwama. Anayang'ana Sumire. Kenako anatenga chipewa chawo.

Bambo anakhoma chitseko. Mayi anakulunga timipira ta mpunga. Onse anayi anakwera basi. Kenako anakwera masitepe amiyala. Anakwera, anakwera, anakwera.

Pamwamba, Sumire anangoti kukamwa yasa. Masamba analipo. Ofiira kumwamba. Ofiira pansi. Ofiira ngakhale m'madzi.

A Kuroda anawatengera kuseri kwa kachisi. Kumeneko kunalibe anthu. Kunali benchi yakale pansi pa mtengo.

"Akazi anga ankakhala apa," anatero a Kuroda. Anasansa masamba ndi chipewa. "Lero ukhalepo iwe."

Sumire anakhala. Anasendera pang'ono kuti mayi ndi bambo akwane. Kenako anatenga kampira ka mpunga. Anakanyema pakati. Theka anapatsa a Kuroda.