Mpando Wopanda Mafupa

Nkhanu inatsika m'madzi itapinda miyendo yake yachitsulo. Inali loboti yaikulu ngati ngolo, imene asilikali anapanga kuti izifufuza ndege zomwe zinamira m'nyanja pa Nkhondo ya Madzi. Ikapeza fupa inkalinyambita ndi kachipangizo kotchedwa kalondolondo, n'kutchula dzina la mwini wake pompo.

Felesiya anaima m'sitima, maso ali pa kanema woonetsa za pansi pa madzi. Bambo ake, a Layisoni, ankayendetsa ndege yankhondo ndipo anasowa iye ali kumsana. Mtembo utalephera kupezeka, kumudzi anaika thunthu la nthochi m'bokosi monga mwa mwambo. Iye anakula akulambula manda a nthochi, ndipo zinkamuwawa.

Pambali pake panali a Witinesi, mng'ono wa bambo akewo. Iwowa ndiwo ankakonza ndegeyo nthawi ya nkhondo, komanso ndiwo anakana kwamtuwagalu kuti Nkhanu ifufuze. Nanga munthu wosalakwa amaopa chiyani? Felesiya anali atatsimikiza mumtima kuti mkuluyu anamasula dala kanthu kena m'ndegemo.

"Mukutuluka thukuta bwanji, bambo aang'ono, mphepo yonseyi?"

"Mwana wanga, uwauze asilikaliwa aizimitse Nkhanuyo. Maliro tinalira kale."

"Munalira nthochi. Ine ndikufuna bambo anga."

Ndege inaoneka itakhala bwinobwino m'matope, mapiko onse ali pomwepo, nsomba zikulowa ndi kutuluka. Nkhanu inapisa dzanja m'kati, n'kufufuza paliponse. Kenaka inayankhula ndi mawu ake ozizira aja.

"Fupa mulibe. Injini inalibe vuto. Ndege inatera pamadzi mwadala. Lamba anamasulidwa ndi dzanja, chitseko chinatsekulidwa ndi munthu wa m'kati."

Felesiya anatembenuka pang'onopang'ono. A Witinesi anali atakhala pansi, chipewa chili m'manja.

"Anamutuma kukaphulitsa mudzi wa kutsidya," anatero monong'ona. "Mudzi wa asodzi, wodzaza ana. Anakana. Ndinakamutenga ndine pa bwato, n'kumuolotsa. Nthochi ija ndinadula ndekha kuti asilikali asiye kumufuna."

"Ali moyo?"

"Wakalamba, koma alipo. Amasoka maukonde m'mudzi womwewo. Chithunzi chako cha ukwati ndinakamupatsa ndine."

Chimwemwe ndi manyazi zinamugwira Felesiya pamodzi, moti anasowa choyambira: kuseka kapena kupepesa. Anagwada n'kugwira dzanja la munthu amene iye anakhala akumuda zaka zonsezi.

"Ndiye tingokhala chete, bambo. Palibe wina wamva."

A Witinesi anangoloza kanema uja. Nkhanu siidziwa kunong'ona. Chilichonse chimene yaona imatumiza kulikulu la asilikali isanavuuke n'komwe, ndipo mlandu wothawa nkhondo suwola. Pa dzina la a Layisoni pa kanemapo, mawu oti ngwazi anali atafufutika kale. Panalembedwa kuti wofunidwa.

Pamwamba pawo panadutsa timadiloni tiwiri, tindege ta asilikali topanda munthu m'kati, tikulira ngati njuchi, tikuloza kutsidya. Felesiya anakuwa kuti tindegeto tibwerere, koma makina alibe khutu lomvera mwana wa munthu.

Manda a nthochi anasunga bambo ake ndi moyo zaka zonsezo, ndipo anawafukula ndi mwana wawo yemwe.