Diresi la Mawa

Nesma ankakhala mumzinda wa Alexandria. Ankakhala ndi amayi ake, abambo ake ndi mlongo wake wamng'ono, Ziad. Nesma ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna diresi latsopano lovala pa chikondwerero cha Idi.

Amayi ake anali telala. Ankasokera m'nyumba momwemo. Ankasoka bwino, ndipo msewu wonse unkadziwa zimenezo.

Ankasokera Lujain, mwana wa mayi Sawsan. Ankasokera ana a adokotala. Ankasokera ana a wogulitsa nsomba. Nesma yekha ndiye sankamusokera. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nanga wako weniweni ndi wa yani?

Kalekale amayi anagula nsalu yachikasu. Inali ndi timaluwa toyera. Anamuyeza Nesma ndi tepi. Anadula nsalu ija bwinobwino. Kenako pakhomo panagogoda kasitomala. Amayi anaika zidutswa zachikasu pambali.

"Mawa, mwanangu," anatero amayi. "Ndisoka mawa."

Idi yaing'ono inafika, inapita. Idi yaikulu inafika, inapita. Chaka chinatembenuka. Diresi silinasokedwe. Nesma ankavala madiresi akale a msuweni wake.

"Amayi ako ali ndi manja abwino," anatero Lujain tsiku lina. Anazungulira kuti diresi lake liuluke. "Taona langali. Nanga lakolo anasoka ndani?"

Nesma anayang'ana diresi lakale limene anavala. Mtima unamuwawa. Anapita kunyumba osatsanzika.

Chipinda chosokeramo chinali chodzaza. Nsalu patebulo, nsalu pampando, nsalu pawindo. Matumba a nsanza anafika mpaka kudenga. Ulusi unali wopiringizana. Mapini anali mbwee pansi. Amayi sankataya kanthu.

"Zidzagwira ntchito tsiku lina," ankatero.

Abambo ankangoima pakhomo. Mkati munalibe popondapo. "Amake Nesma," ankatero, "tsiku lina tidzakusakani ndi tochi m'chipinda chino."

Amayi sankaseka. Ankakhala akusaka sizasi. Akapeza sizasi, tepi yasowa. Akapeza tepi, choko chasowa.

Mwezi wa Ramadani unafikanso. Idi inayandikira. Makina osokera ankalira kuyambira m'mawa. Nesma anaima pafupi ndi amayi ake.

"Amayi, diresi langa lachikasu lili kuti?"

Amayi anali ndi mapini kukamwa. Anawachotsa. "Lili momwemuno. Sindikudziwa pati. Tifunafuna mawa."

"Ndingakonze chipindachi?"

"Konza. Koma usataye kanthu. Nsalu zazikulu upinde. Nsanza zing'onozing'ono uzidule tizingwe. Tidzapita nazo kwa a Gaber."

A Gaber ankaluka makapeti a nsanza. Anthu ankadula nsanza zawo kukhala tizingwe. Ankalumikiza tizingweto ndi kukulunga mipira. A Gaber ankaluka mipirayo kukhala kapeti. Amayi ankati adzapitako. Nawonso ulendowo unali wa mawa.

M'mawa mwake amayi anapita kukapereka madiresi a anthu. Nesma anamanga mpango kumutu. Anaitana Ziad.

"Ndikalipeza, amayi sadzanenanso kuti mawa," anatero Nesma.

Anayambira pakhomo. Anapatsa Ziad maginito. Ziad anakwawa pansi. Mapini anadumphira pa maginito. Singano nazo zinadumphira. Ziad anaseka. Nesma sanaseke. Iye ankangosaka chikasu.

Mabatani anawaika m'mabotolo a jamu. Oyera paokha, akuda paokha. Ulusi anaumasula. Anauika m'chitini cha mabisiketi. Mazipi anawamanga pamodzi. Anakhoma msomali wa tepi. Anakhoma msomali wa sizasi.

Chikasu sichinaoneke.

Nsalu zazikulu anazipinda. Anazisanja pa shelufu. Anapeza nsalu yotsala ku diresi la Lujain. Anapeza yotsala ku diresi la mwana wa adokotala. Aliyense anali ndi chotsala chake m'chipindamo. Nesma anazidula zonse tizingwe. Tche, tche, tche.

Ziad anatola sizasi ina. Anayamba kuitsegula ndi kuitseka m'mwamba.

"Leka zimenezo," anatero Nesma. "Sizasi ikamadula mphepo, m'nyumba mumalowa mkangano. Sudziwa?"

Ziad anaiika pansi msanga.

Matumba anachepa. Mipira ya nsanza inachuluka. Kuwala kwa dzuwa kunalowa pawindo. Pansi panayamba kuoneka. Koma chikasu sichinaoneke.

Nesma anakankha makina pang'ono. Kumbuyo kwake kunali kajumbo. Kanali ndi fumbi. Nesma anakamasula. Anaona timaluwa toyera.

"Ndalipeza, Ziad."

Zidutswa zonse zinalipo. Kutsogolo, kumbuyo, manja awiri ndi kolala. Mapini anali atachita dzimbiri. Nesma anathamangira pa galasi. Anaika chidutswa cha kutsogolo pachifuwa pake.

Chinali chachifupi. Sichinafike ngakhale m'mawondo. Mapewa anali aang'ono. Nesma anachikoka. Nsalu sinatalike.

"Ndi la chidole?" anafunsa Ziad.

Nesma anadziyang'ana pagalasi. Anadikira diresi limeneli. Analidikira pa Idi iliyonse. Analilota. Tsopano linali m'manja mwake, koma silinali lake. Linali la kamtsikana kena. Kamtsikanako kunalibenso.

Mkwiyo unamugwira. Anatenga sizasi. Anadula kutsogolo. Tche, tche, tche. Anadula kumbuyo. Tche, tche, tche. Anadula kolala. Anadula dzanja limodzi. Timaluwa toyera tinagwera pansi.

Chitseko chinatseguka. Amayi analowa. Anayang'ana shelufu. Anayang'ana mabotolo. Anayang'ana sizasi pamsomali.

"Kani pansi pano pali matailosi obiriwira?" anatero amayi. "Ndinali nditaiwala. Wagwira ntchito, mwanangu."

Kenako anaona chikasu. Nkhope yawo inasintha.

"Nesma, wachita chiyani?"

"Munati nsanza ndizidule."

"Si nsanza imeneyo. Ndi diresi lako."

"Si langa. Ndi la mwana wamng'ono."

"Usandiyankhe choncho. Ndikanasoka mawa."

Ziad anabisala kuseri kwa chitseko. Anayang'ana sizasi ija mwamantha. Nesma sanathawe. Anatola dzanja lotsala. Anawapatsa amayi ake.

"Tandiyezani," anatero.

Amayi anaika dzanjalo paphewa la Nesma. Linali dzanja lalitali lofika pachikhatho. Tsopano linathera pachigongono. Amayi analikoka. Nsalu sinatalike.

Amayi anakhala pansi. Anakhala pamatailosi obiriwira aja. Anamuyang'ana Nesma kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Unakula liti?" anafunsa motsitsa mawu.

"Pamene munkasokera Lujain."

Mawuwo anali owawa. Nesma anadziwa kuti ndi owawa. Sanawabweze.

Amayi sanakalipe. Anatenga sizasi. Anadula okha dzanja lotsala lija. Tche, tche, tche. Analumikiza tizingwe tachikasu. Anayamba kukulunga mpira. Misozi inagwera pampirawo. Nesma anaona misoziyo. Anakhala pansi. Anawapatsira tizingwe, kamodzikamodzi. Koma mtima wake unali usanapole.

"Nyamula mipira," anatero amayi. "Tikupita kwa a Gaber."

"Mawa?" anafunsa Nesma.

"Lero."

A Gaber anali pakhomo la shopu yawo. Ndevu zawo zinali ndi tiulusi. Anaona matumba a mipira. Anaseka.

"Amake Nesma, mwabwera? Ndimayesa mudzabwera nditakalamba. Paja zengerezu analinda kwaukwau."

"Mwakalamba kale, a Gaber," anatero amayi. Anatulutsa mpira wachikasu. "Uwu muuike pakati."

"Chikasu chimakongola m'mphepete."

"Ayi. Pakati penipeni. Ndikufuna ndiziuona ndikakhala pamakina."

A Gaber anayang'ana amayi. Anayang'ana Nesma. Analandira mpirawo.

Pobwerera anadzera kogulitsa nsalu. Amayi analoza nsalu yachikasu. Nesma anapukusa mutu.

"Chikasu ndinatopa nacho," anatero. Anasankha yabuluu, yooneka ngati nyanja.

Kunyumba, amayi sanasake kanthu. Tepi inali pamsomali. Sizasi inali pamsomali. Choko chinali m'chitini. Amayi anamuyeza Nesma. Anayeza mapewa. Anayeza manja. Anayeza kutalika. Manja awo anali ofunda. Anadula nsalu yabuluu bwinobwino.

Pakhomo panagogoda munthu.

Anali mayi Sawsan. Lujain anali pambuyo pawo. M'manja mwawo munali nsalu yonyezimira.

"Amake Nesma, ndithandizeni. Lujain akufuna diresi lachiwiri. Lovala m'mawa wa Idi lija mwasoka bwino. Ili ndi lovala popita kwa agogo ake. Muyambe pompano."

Nesma anayang'ana zidutswa zabuluu. Zinali patebulo. Kutsogolo, kumbuyo, manja awiri ndi kolala. Anadziwa chimene chichitike. Anali atachionapo kale. Amayi aziika pambali. Kenako zilowa m'kajumbo.

Amayi anaika dzanja pa zidutswazo. Nesma anatseka maso.

"Mawa, mayi Sawsan," anatero amayi.

Nesma anatsegula maso.

"Mawa? Ine? Mwaiwala kuti ndine kasitomala wanu wakale?"

"Sindinaiwale. Koma lero ndili ndi kasitomala wina. Wadikira nthawi yaitali kuposa inu."

Mayi Sawsan anayang'ana m'chipinda monse. "Ali kuti kasitomalayo?"

"Ndi uyu."

"Mwana wam'nyumba? Ameneyu angadikire."

"Wadikira kale."

Mayi Sawsan anakulunga nsalu yawo. "Matelala alipo ambiri mumsewu muno. Sindidzabweranso."

"Muyende bwino," anatero amayi.

Chitseko chinatsekedwa mwamphamvu. Amayi anapuma kwambiri. Mayi Sawsan ankabweretsa ntchito yambiri. Nesma ankadziwa zimenezo. Anachita mantha pang'ono.

"Amayi, sadzabweranso."

"Mwina. Tandipatsa ulusi wabuluu."

Nesma anatsegula chitini. Ulusi unali pomwepo. Anaulowetsa m'singano ya makina. Makina anayamba kulira. Nesma anali atamva kulira kumeneku moyo wake wonse. Lero ankalirira iyeyo.

Diresi linatha dzuwa lisanalowe. Nesma analivala. Manja anafika pachikhatho. Mapewa anakwana. Amayi anapinda mpendero waukulu kumunsi.

"Ukakula, tidzaumasula," anatero. "Ulendo uno ndiziona ukamakula."

Nesma anawakumbatira. Apa mtima wake unapola.

Tsiku la Idi linafika. Kapeti inali itabwera. Anaiyala m'chipinda chosokeramo. Inali ndi mitundu yambiri. Munali nsalu za Lujain. Munali nsalu za ana a adokotala. Pakati penipeni panali mzere wachikasu. Ukayang'anitsitsa, timaluwa toyera tinkaoneka.

Atachoka kokapemphera, onse anakhala pakapetipo. Abambo nawo analowa. Anatambasula miyendo.

"Kani chipindachi n'chachikulu chonchi?" anatero. "Tochi ija ndiigulitsa."

Amayi anaseka. Anabweretsa mbale ya makeke a Idi. Shuga anagwera pa diresi labuluu. Nesma anamusasa mosamala.

Ziad anakoka amayi pamkono.

"Amayi, batani la shati langa lathothoka."

Amayi anali atatopa. Tiyi wawo anali m'manja. Anatsegula pakamwa.

"Ndisoka ma..."

Anaona mzere wachikasu. Unali pafupi ndi phazi lawo. Anaika tiyi pansi.

"Bwera kuno," anatero. "Nesma, tandipatsa botolo la mabatani oyera."