Tambala wa Abida

Esteri amakhala ku Limbuli. Esteri wapukwa mnzake. Mnzakeyo ndi Abida.

Kale nyumba zawo zinali zoyandikana. Ankasewera fulaye limodzi. Ankatunga madzi limodzi. Koma Abida anasamukira ku Chonde. Ku Chonde ndi kutali. Mwana sangafikeko wapansi.

Esteri amakumbukira tsiku lomaliza. Linali tsiku la Khirisimasi. Bambo ake, a Jailosi, anazinga nkhuku. Esteri anaitana Abida kudzadya.

"Wachinja ndani?" anafunsa Abida.

"Bambo anga," anayankha Esteri.

Abida anayang'ana pansi. Abida ndi Msilamu. Amadya nyama yozingidwa ndi Msilamu basi. Tsiku limenelo anadya nandolo yekha. Nyama ija sinamukomere Esteri. Mpaka lero zimamuwawa.

Lachisanu lina foni ya amayi inalira. Anali amayi a Abida.

"Mawa tikubwera, ine ndi Abida," anatero.

Kenaka Abida analankhula ndi Esteri. "Kuno timadya nkhuku zoyera za kumsika. Ndi zonenepa, koma ndasowa yachikuda."

Esteri ali ndi tambala wachikuda. Ndi wofiira. Ndi waphokoso. Ndi wakuba mphale! Esteri anamuyang'ana. "Mawa ndi mawa, iwe," anamuuza.

Loweruka m'mawa Esteri anamva mpeni ukunoledwa. Anathamangira kuseri kwa nyumba. A Jailosi anali atagwira kale tambala uja.

"Bambo, dikirani! Musazinge!"

"Bwanji, mwana wanga? Alendo ali m'njira."

"Mukazinga inu, Abida adyanso nandolo yekha."

A Jailosi anagwira pakamwa. "Aa, ndinaiwala! Paja masiku ena ankatizingira ndi bambo a Abida. Nanga lero atizingira ndani?"

"Ndikamupeza," anatero Esteri.

Anamanga tambala miyendo. Anamupanira m'khwapa. Ulendo wa kumsika!

Anafika pa chiwaya cha a Alufeyo.

"Mundizingireko tambala, ndi wa Abida."

A Alufeyo anaseka. "Ine ayi, mwanawe. Ndine Mkhirisitu ngati iwe. Ndiponso mpeni wangawu ndi wa nkhumba."

Esteri anapitirira. Tambala anayamba kulemera.

Anafika kwa mayi Agatha, ogulitsa usipa.

"Mundizingireko tambala, ndi wa Abida."

"Ine ayi, mwanawe. Pita kwa a Abdulkadir, atelala aja. Ali pafupi ndi mzikiti."

Esteri anapitirira. Tambala analemera kwambiri. Dzuwa linawotcha. Minibasi inadutsa. Kodi Abida ali momwemo? Esteri sanafune kuchedwa. Anathamanga.

Anapeza a Abdulkadir akusoka malaya. Esteri anagwada.

"Mundizingireko tambala, ndi wa Abida."

A Abdulkadir anasiya makina. "Abida wa a Swalehe? Amene anapita ku Chonde?"

"Yemweyo. Ndikufuna tidye mbale imodzi."

"Wachita bwino, mwanangu. Bwera naye kuno ndimuchinje."

Anasamba m'manja. Anatchula dzina la Mulungu. Anazinga tambala uja. Esteri anatseka maso pang'ono. Ndi tambala wake, paja.

"Zikomo kwambiri," anatero Esteri. Anathamangira kunyumba.

Amayi anasosola nthenga. Esteri anadula tomato. Amayi anaphika mpunga. Anaphikanso nandolo.

Masana panamveka mawu pakhomo. "Odi kuno!"

"Abida!"

"Esteri!"

Anakumbatirana mpaka kugwa pansi. Amayi awo anaseka.

Onse anakhala pamkeka. Amayi a Esteri anavundukula mbale ya nyama. Fungo linadzaza khonde lonse. Abida anameza malovu. Kenaka anayang'ana pansi. Anatambasula dzanja kuti atenge nandolo.

Esteri anamugwira dzanja. "Achinja ndi a Abdulkadir," anatero. "Ndinapita naye ndekha."

Abida anadzutsa mutu. "Zoona? Mpaka kumzikiti?"

"Mpaka kumzikiti. Mkono ukundiwawabe!"

A Jailosi anasuzumira m'mbale. Paja iwo amakonda mwendo. Anatenga miyendo yonse iwiri. Wina anapatsa Abida. Wina anapatsa Esteri.

"Lero ine ndidya phiko," anatero.

Esteri ndi Abida anadya mbale imodzi. Ananyambita zala. Anakukuta mafupa. Anapemphanso msuzi.

Ndipo nandolo uja? Palibe anamukhudza. Lero nandolo anatsala yekha.