Chibangili Chodya Moni

Overton Harawa wa ku Bolero anali mmphawi wa mtundu uja wosamvetsa chisoni, chifukwa umphawi wake unali wa m'maso. Munda anali nawo, mkazi wolimbikira, NyaMfune, anali naye, ndiponso mwana mmodzi wanzeru, Kezia. Koma khasu linkamulemera. Tsiku lonse ankangokhala pakhonde la telala, kusirira nsapato za anzake.

Zinali zaka zija amuna ankabwera kuchokera ku Joni ndi njinga ndi wailesi, basi ikangotulukira, fumbi lili koboo, mudzi wonse n'kuthamangira kumsewu. Hezron Luhanga, mnzake wa paubwana, anabwera ndi chinthu chimene chinamudwalitsa Overton: chibangili chasiliva, chochindikala ngati unyolo wa ngolo, chosemedwa maluwa. Hezron ankapinda dala mkono wa malaya, n'kumaloza zinthu zosafunika kuloza. Overton naye anakalembetsa ulendo wa kumigodi, koma chaka chomwecho njira ya ku Joni inatsekedwa. Anabwerera kwawo atasenza njiru yokhayokha.

Tsiku lina anauyamba wapansi kulowera ku Thazima, kwa mkulu wina amene kale ankasula zitsulo kumigodi ya ku Zambia, koma tsopano ankadziwika ndi kukhwimitsa anthu. Anamupeza dzuwa lili paliwombo, akunola nkhwangwa. Mkuluyo sanadzutse mutu.

"Mukufuna chuma, kapena mukufuna kuti anthu akuoneni?"

"Zonse ziwiri, adada."

Mkuluyo anatulutsa m'kachitini chibangili choposa cha Hezron, cholemera ngati mwala wonolera. Mozungulira monse chinali chosemedwa timanja ting'onoting'ono, tonse totambasula.

"Kanthu kanu sindikufuna. Ichi chimadzidyera chokha."

"Chimadya chiyani?"

"Moni. Chikayamba kukufinyani, mupatse dzanja munthu wa magazi anu. Akalilandira, chimasuka."

"Nanga iyeyo zimamuthera bwanji?"

"Mwafunsa ngati mukufuna kudziwa. Simukufuna."

Overton anaganiza za abale ake. Anali ambiri, ndipo amene ankawakonda sankadzaza dzanja. Anatambasula mkono wamanja. Chibangili chinati khethe, ndipo polumikizira pake sipanaonekenso.

Chaka chimenecho fodya wake, amene sanamupalire n'komwe, anakula kuposa msinkhu wa munthu. Kunabwera golosale, kenaka chigayo, kenaka galimoto yonyamula anthu kupita ku boma. Overton anadulitsa mikono ya malaya ake onse kwa telala uja, ndipo ngakhale mu Juni, mphepo ya ku Nyika ikuluma, ankayenda mkono uli pamtunda, mano akugunda, kuti siliva aoneke.

Chitayamba kufinya, anakumbuka asibweni ake, a Peter, amene tsiku lina anamukaniza ngolo. Anapita kukawaona ndi paketi ya shuga, nawagwira dzanja nthawi yaitali ngati mphwa wachikondi. Pasanathe sabata mkono wa a Peter unauma, ndipo Loweruka anaikidwa. Overton anagula bokosi lopaka vanishi, anthu namuyamika. Ali pamanda anasuzumira pamkono: kadzanja kamodzi kanali katakunga chibakera.

Anatsatira msuweni, kenaka azakhali, kenaka mng'ono wake weniweni. Anthu a ku Bolero sanali ana. Amayi a m'mudzimo, amene pamaliro amaona zambiri ali chogwada, ndiwo anayamba kunong'onezana kuti aliyense wogwidwa dzanja ndi a Harawa amayamba ulendo. Kuchokera pamenepo moni wake unasintha. Munthu ankaima patali, n'kuwomba m'manja mwaulemu wonse, "Yewo, a Harawa, yewo chomene," kenaka manja kumbuyo. Ngakhale ayufi a pachipata cha msika, amene sankalola munthu kulowa opanda khadi la chipani, ankamupatukira osamufunsa. Overton, chitsirucho, poyamba ankayesa ndi ulemu.

NyaMfune anamuuza mwamuna wake kamodzi kokha kuti akadzamukhudza Kezia adzaona chimene mkazi ali. Anamutumiza mtsikanayo kusukulu yogonera ya amishoni, n'kumamulembera kuti patchuthi azikhala konko. Chifukwa chake palibe anamuuza. Nkhani zoterezi salemba m'kalata.

Tsopano chibangili chinkafinya pafupipafupi, ndipo wolandira dzanja panalibe. Dzanja lake linatupa ngati dzungu, zala n'kuda bii. Wosula makasu anayesa kuchidula, masowo atatu anathothoka mano, siliva osakandika n'komwe. Overton anabwerera ku Thazima akulira ngati mwana. Mkulu uja anamuyang'ana, nkhwangwa ili pabondo.

"Abale atha? Ine ndinamva kuti muli ndi mwana wamkazi."

Masana ena Overton anagona pakhonde la golosale, ataledzera pofuna kuiwala ululu. NyaMfune anali kuchigayo. Kezia anali atamva kwa wogulitsa nsomba kuti bambo ake akudwala mkono, ndipo anapempha chilolezo kusukulu n'kukwera basi. Anafika ndi kasutikesi kake, nagwada monga analeredwera.

"Adada, dzanjali latani?"

Analitenga ndi manja ake onse awiri.

Chibangili chinamasuka. Overton anapuma mpweya wautali, ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni, kenaka anatsegula maso. Anamuona mwana wake. Amene anali pakhondepo amati nthawi yoti achotse dzanja inalipo. Sanalichotse. Ululu unali kutsika ngati madzi, ndipo kukoma kwake kunaposa mwana.

Kezia anamwalira Lachisanu. Bokosi lavanishi NyaMfune analikana. Anamuika mwana wake m'bokosi la matabwa wamba lopangidwa ndi alongo ake, ndipo pochoka kumanda sanalowenso m'nyumba, anapitirira kwawo ku Mhuju.

Kugolosale sikunabwerenso wogula, shuga anauma m'matumba, chigayo chinachita dzimbiri. Mutu wa Overton unazungulira. Ankakhala pachipata cha msika atavala nsanza, mkono uli chotambasula, kuitana aliyense wodutsa, "Monile, monile." Mkonowo unawonda ngati bango, chibangili n'kumatsetsereka mpaka pachigongono, koma padzanja sichinkadutsa. Timanja tonse tinali zibakera. Anthu ankachiyang'anadi chibangili chija monga ankafunira, kuti adziwe polambalala. Atamwalira, adzukulu anamukunkhuniza pamphasa ndi mitengo, namuika nacho.

Hezron chibangili chake anachisinthanitsa ndi ng'ombe ziwiri. Anakalamba akutsokomola fumbi la kumigodi, koma popita kutchalitchi ankachedwa panjira chifukwa cha moni.

Inu osirira mkono wa mnzanu, yambani mwafunsa thukuta limene anaugulira. Chuma cha mankhwala sichidya anthu achilendo. Chimayambira pa m'bale amene simumukonda, n'kutsirizira pa amene munkati mukumusakira chumacho. Ndipo dyera likakula, munthu amatsala ndi dzanja lodzaza siliva lopanda wolilandira.