Nsalu ya Ukwati wa Eni Ake

Chaka chimene Amwenye a ku Area 2 anayamba kugumula mashopu a makolo awo, fumbi linali koboo kuyambira ku Malangalanga mpaka ku Bwalo la Njobvu. Apa akuphwasula khonde, apo akukweza nyumba yosanja, uko atsegula kale shopu ya mafoni pomwe dzana pankagulitsidwa mapoto ndi makasu. Ukapita kumudzi mwezi umodzi, pobwera umasochera m'tauni yako yomwe.

Shopu ya nsalu imene Elube ankagwirako ntchito nayonso sinapulumuke. Mwana wa abwana atabwera kuchokera kusukulu kunja, anayang'ana simenti yong'aluka ya pansi n'kupukusa mutu. Sabata yotsatira zitenje zonse anazitulutsira pakhonde, m'katimo munalowa amisiri.

Elube anali msungwana wa ku Chinsapo, wofatsa koma wakuthwa pakamwa ukamuputa. Zaka zisanu anali akudula nsalu pashopupo, ndipo sizasi yake sinkakhota.

Lolemba lina m'mawa, ali chiweramire kuyeza chitenje, anangomva madzi ozizira kumapazi. Madzi a simenti!

"Kodi maso munawasiya kunyumba, achimwene?" anakalipa Elube.

Mnyamata wamtali wovala ovolosi yabuluu anatula ndowa pansi. "Pepani asisi. Maso ndili nawo, koma anaona chinachake n'kuiwala njira."

"Anaona chiyani?"

"Ndikanena mundibaya ndi sizasiyo."

Asanayankhidwe, mnyamatayo anagwada pagulu, n'kutulutsa kampango m'thumba, n'kuyamba kupukuta nsapato za Elube. Amayi amene ankagula chitenje aja anaseka chikhakhali. Elube anayesetsa kukwinya nkhope, koma milomo inamukanira.

Dzina lake linali Wilkins, mmisiri woika matailosi. Kwawo kunali ku Rumphi, koma ankakhala ku Area 25. Pakamwa pake panali potsekemera moti akanatha kukugulitsa mchenga uli pamtsinje.

Pasanathe milungu iwiri anali akudyera limodzi tchipisi cha pachiwaya masana aliwonse. Madzulo Elube akakwera minibasi ya ku Chinsapo, asanafike n'komwe pamlatho, foni imalira.

"Wafika pati duwa langa? Wangochoka kumene koma ndakusowa kale."

"Iwe Wilkins, ntchito yako ndi matailosi kapena bodza?"

"Bodza silikhala pa ine, bebi. Iwe ndiwe wakutemweka wane. M'Chitumbuka ndiye kuti wokondedwa wanga. Mawu amenewa sindinauzepo mkazi wina aliyense."

Elube ankawerenga mauthengawo katatukatatu, n'kumamwetulira yekha ngati wopenga, kondakitala mpaka kumugwedeza paphewa kuti alipire.

Tsiku lina Wilkins anamulowetsa m'shopu muja kuti aone ntchito yake. Matailosi oyera mbee, mizere yake yowongoka kuchokera pakhomo mpaka kukhoma.

"Ukuona?" anatero atamugwira dzanja. "Nyumba yathu ndidzaikonza chonchi. Ntchito ino ikangotha, ankhoswe anga akufika kwanu. Mulungu ndi mboni."

Mtima wa Elube unangoti myaa. Ankaganiza kuti munthu wa manja owongoka chotere sangakhale wokhota mumtima. Kalanga, mwana wa eni! Ndani anamuuza kuti manja ndi mtima zimaphunzira sukulu imodzi?

Azakhali ake, a Mabel, amene anamulera chimwalirireni mayi ake, sanakondwe msanga.

"Pakhomo pake unafikapo?" anafunsa akusankha nyemba.

"Ayi azakhali. Amakhala ndi achimwene ake, amene ndi mkulu wa mpingo, salola atsikana kufika."

"Mlongo wake kapena mnzake, ukumudziwa ndani?"

Elube anawerama n'kuyamba kusankha nawo nyemba.

"Chikomekome cha mkuyu, mwanawe, m'kati muli nyerere."

Koma khutu la munthu amene ali m'chikondi limamva mawu a munthu mmodzi basi.

Ntchito itatsala pang'ono kutha, Wilkins anabwera ndi nkhope yakugwa.

"Bebi, ndamva ndi makutu angawa. Abwana aang'ono akuti shopu ikatsegulidwa, akale nonse akuchotsani. Akufuna atsikana odziwa kompyuta."

Elube analira. Zaka zisanu zonsezi, n'kumutaya ngati chiguduli? Akadya chiyani ndi azakhali ake?

"Pukuta misozi, wapamtima," anatero Wilkins akumusisita kumsana. "Ntchito ndi chiyani? Ndikusunga ndine. Uwauze akwanu, Loweruka loyamba la Ogasiti ankhoswe akubwera."

Matailosi anatha. Wilkins anatsanzika kuti wapeza ntchito ina ku Salima, koma Lowerukalo adzakhala atafika.

Amalume ake a Elube, a Amosi, anachoka ku Ntchisi Lachisanu atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Loweruka nkhuku inaphedwa, pabwalo panasesedwa, mipando inabwerekedwa kwa aneba. Anadikira. Dzuwa linafika pamutu, n'kupendeka. Aneba anayamba kusuzumira pampanda. Cha m'ma fili koloko foni ya Elube inalira.

"Bebi pepa kwambiri. Kumudzi kwagwa zovuta, tonse tili pa ulendo wa ku Rumphi. Ndikuimbira ndikafika. Ndimakukonda."

A Amosi anamva uthengawo, n'kuvala chipewa chawo. "Maliro sapangana," anatero pang'onopang'ono. "Koma munthu waulemu amaimba m'mawa, nkhuku isanafe."

Wilkins sanaimbe. Elube akaimba, foni imangoduka. Akalemba, uthenga sumafika. Ankadziuza kuti mwina kumudziko kulibe netiweki, mwina foni inabedwa pamaliro. Chifukwa chilichonse anamupezera, kupatula chimodzi chokha chimene ankachiopa.

Za ntchito zija zinali zoona, anzake atatu anachotsedwadi. Koma atsikana a kompyuta aja atapatsidwa sizasi, anadula nsalu ngati mbuzi yadya. Abwana aakulu anakalipira mwana wawo, n'kulamula kuti Elube asachoke. Iye anathamangira kulembera Wilkins kuti, "Dali, sanandichotse!" Uthengawo nawonso sunafike.

Shopu inatsegulidwa ndi mabaluni ndi nyimbo zogonthetsa m'khutu, mitengo itatsitsidwa. Tsiku lachitatu kunalowa amayi anayi olankhula Chitumbuka, pakati pawo pali msungwana wowala bwino, wa maso aulemu.

"Asisi, tikufuna nsalu ya ukwati," anatero msungwanayo. "Ine ndine Tisunge, mkwatibwi wake. Tithandizeni kusankha, mutu wanga waima."

Ntchito imeneyi Elube ankaidziwa bwino. Eni ukwati akasankha chitenje, shopu imachiika pambali n'kupachikapo pepala la mayina a akwatiwo. Abale, anzawo ndi akumpingo amabwera okha mmodzimmodzi, kutchula mayinawo, n'kudulitsa yawo yoti akasoketse.

Anawatsitsira mipukutu isanu ndi umodzi. Amayiwo anatsutsana, uyu akuti yofiira, uyo akuti yofiira njamaliro a chipani. Pomaliza Elube anatulutsa ina yobiriwira ya timasamba tagolide, n'kuiyala paphewa pa Tisunge.

"Iyi ndiye yanu. Siisuluka, ndipo pa zithunzi imawala."

"Mayo ine, kukongola!" anafuula Tisunge. "Asisi, muli ndi diso!"

Mayi wamkulu pagulupo, azakhali a mkwatibwi, anagogoda pansi ndi chidendene. "Tinati tibwere muno dala, tidzaonenso ntchito ya mkamwini wathu. Matailosi onsewa anaika ndi iye."

Elube anaganiza za Wilkins nthawi yomweyo. Koma amisiri a matailosi analipo atatu. Atatu! Anatenga pepala ndi cholembera.

"Mayina ndilembe ati, mayi?"

"Lembani Tisunge ndi Wilkins."

Cholembera chinagwa pansi. Elube anawerama kuchitola, n'kukhalitsa pansipo kuti nkhope yake isaoneke. Atadzuka anafunsa ndi mawu amene sanali ake.

"Chibwenzi chake n'chakale?"

"Zaka zinayi," anayankha Tisunge akumwetulira. "Timaimba kwaya imodzi ku Area 25. Malowolo anapereka Khirisimasi yapitayi."

Khirisimasi! Pamene ankagwada pakhonde kupukuta nsapato zake, ng'ombe zinali zitalowa kale m'khola la eni.

"Ndamva kuti kwa akamuna anu kunagwa zovuta posachedwapa," anatero Elube. Ankafunabe kachingwe koti agwire.

Amayiwo anayang'anana. "Zovuta? Ayi, Mulungu watisunga, chaka chino sitinaike munthu."

Tisunge anali ataimba kale foni. "Dali, tabwera udzaone nsalu yathu. Eee, shopu yomwe ija. Thamanga!" Kenako anatembenukira kwa Elube. "Ali pafupi pompa, akukonza nyumba ya ku Bwalo la Njobvu. Mwezi wathunthu tsopano."

Salima wake anali ameneyo! Misewu iwiri yokha kuchokera pamene Elube ankalirira tsiku ndi tsiku.

Pasanapite nthawi Wilkins analowa akuimba kaluzu, manja ali mbuu ndi simenti. "Wakutemweka wane, yasankhidwa?" anatero akutambasulira Tisunge manja.

Kenako anaona amene anaima kuseri kwa tebulo. Kaluzu kanathera pammero.

"Moni asisi," anatero maso ali pansi.

"Zikomo achimwene," anayankha Elube.

Amayi aja atapita ndi Tisunge kukalankhula ndi abwana za mtengo, awiriwo anatsala okha, mpukutu wa nsalu uli pakati pawo.

"Ndimayesa anakuchotsa ntchito," ananong'ona Wilkins.

Elube anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Mwezi wathunthu wa misozi, amalume ake kuchita manyazi pamaso pa aneba, ndiye mawu oyamba akhale amenewa?

"Chakudandaulitsa n'chimenecho? Kuti wandipeza?"

"Tsitsa mawu, chonde. Tamvera, bebi. Za Tisunge ndi za makolo ndi mpingo, ng'ombe zinapita kale, ndikanatani? Koma mtima wanga uli kwa iwe. Ukwati ungodutsa, palibe chisinthe. Ndikupezera kanyumba ku Area 36, ndizibwera."

"Unalumbira pa Mulungu, Wilkins."

"Ndipo sindinaname kuti ndimakukonda."

"Maliro aja anali a ndani?"

Wilkins anakanda kumutu, fumbi la simenti likuyoyokera pansalu ya ukwati wake. 

Elube anamva ukali ukukwera mpaka m'maso. Sizasi inali m'manja, pakamwa panadzaza mawu. Akanatha kufuula shopu yonse imve. Akanatha kutsegula foni n'kuonetsa amayiwo mauthenga onse, kuyambira "duwa langa" mpaka maliro abodza.

Koma akanapindula chiyani? Amayiwo akanatuluka ndi ndalama zawo, abwana akanamuonetsa khomo tsiku lomwelo, dzina lake likanamveka Area 2 yonse kuti ndi wolanda amuna a eni. Ndipo Wilkins? Wilkins amene ankamukonda uja kunalibe. Amene anaima patsogolo pakeyu anali munthu wina, wamantha, wotuluka thukuta pamphuno.

Abwana aakulu anabwera akusisita m'manja. "Elube, ukwati uwu ndi waukulu, anthu mazana atatu. Ndaitanitsa mipukutu ina. Nsalu imeneyi asagwire wina aliyense, uzidula ndiwe mpaka tsiku la ukwati. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Tisunge anamugwira manja onse awiri. "Asisi, mwandichotsa nkhawa. Mudule mamita awiri anu, ndalipira kale. Mudzabwere mudzavine nafe, chonde musadzalephere."

Elube anatsegula pakamwa. Anayang'ana nkhope yosalakwa ija, yodzaza chimwemwe ngati yake ya miyezi itatu yapitayo, ndipo anamumvera chisoni kuposa mmene ankadzimvera yekha.

"Mulungu akusungeni, achemwali," anatero. 

Eni ukwati anatuluka akuseka, Wilkins atanyamulira mkwatibwi wake chikwama. Sanacheuke.

Madzulo ake azakhali ake sananene kuti ndinakuuza. Anangomukhazika pamphasa, n'kuika mutu wake pamiyendo pawo, Elube n'kulira ngati kamwana.

"Ndipita bwanji mawa, azakhali? Ndikadula bwanji?"

"Upita, mwanangu," anatero a Mabel, nawonso misozi ili m'masaya. "Wakulanda mtima, usamupatsenso ndi ntchito yomwe."

M'mawa mwake Elube anafika shopu isanatsegulidwe, maso atatupa. Pepala lija linali lende pamwamba pa nsalu yobiriwira, mayina awiri olembedwa ndi dzanja lake lomwe. Kunatsala milungu isanu ndi umodzi kuti ukwati uchitike.

Chitseko chitangotsegulidwa, kunalowa amayi atatu amvano, ali wefuwefu.

"Mwanawe, nsalu ya Wilkins ndi Tisunge ndi iti? Banja lodala limeneli, ana oopa Mulungu!"

Elube anatsitsa mpukutu wobiriwira uja. Anatambasula nsaluyo patebulo, n'kutola sizasi.

"Mamita angati, mayi?"