Soren Avala Juzi Kumiyendo

Chipale chofewa chinagwa usiku wonse. M'mawa kunja kunayera mbee. Kunazizira kwambiri.

Soren anali ndi zaka zinayi. Ankakhala ndi bambo ake, awiriwiri. Mayi ake anamwalira chaka chapitacho.

Soren anali atasiya matewera. Ankauza aliyense kuti, "Ine ndakula."

Tsiku limenelo ankapita kukadula mtengo wa Khirisimasi.

"Usankha ndiwe," anatero bambo ake.

Bambo ake sankalankhula zambiri.

Soren anavala masokosi. Anavala buluku. Pamwamba pake anavala buluku lina lofunda, la malamba m'mapewa. Anavala jekete. Anavala jombo, chipewa ndi magolovesi.

"Kakodze kaye," anatero bambo ake.

"Sindikufuna, Ababa. Ine ndakula."

"Hmm," anatero bambo ake. Anamutsekera zipi mpaka m'khosi.

Kumunda wa mitengo kunali anthu ambiri. Kunalinso Tessa, mnzake wa kusukulu ya mkaka. Tessa anabwera ndi mayi ake.

"Soren! Ukuyenda ngati bakha!" anatero Tessa.

"Iwenso!" anatero Soren.

Pakhomo pa mundawo ankapereka chakumwa chotentha cha koko. Tessa anamwa kapu imodzi. Soren anamwa ziwiri.

Kenako onse anakwera ngolo. Thirakitala inakoka ngoloyo. Gwede! Gwede! Gwede! Koko uja nayenso ankati gwede gwede m'mimba mwa Soren.

Soren anafuna kukodza. Anayang'ana bambo ake. Anayang'ana Tessa. Tessa anali pafupi kwambiri. Soren anangopirira.

Anatsika pakati pa mitengo. Mitengo kuno, mitengo uko. Chimbudzi chinatsala kutali.

Soren anapanikiza miyendo. Anadumphadumpha.

"Ukuvina?" anafunsa bambo ake.

"Ayi, Ababa."

Soren anathamangira kuseri kwa mtengo waukulu. Anakoka zipi. Magolovesi anaterera. Anavula magolovesi ndi mano. Anakokanso zipi. Zipi inakana. Anakoka, anakoka. Zipi inakanabe.

Kenako kumiyendo kunatentha. Kunatentha mpaka m'jombo. Posakhalitsa kunazizira.

Soren anakhala pa chipale. Anakokera chipewa kumaso. Anangoti zyoli.

Bambo ake anamupeza. Anali ndi sowo m'manja.

"Wasankha uwu?"

Soren anapukusa mutu.

"Dzuka."

Soren sanadzuke.

Bambo ake anagwada. Sanafunsenso. Anadikira. Chipale chinagwera pa chipewa chawo. Anadikirabe.

"Ababa," anatero Soren chapansipansi. "Ndadzikodzera."

"Hmm," anatero bambo ake.

Anakoleka sowo pa nthambi. Ananyamula Soren. Sanadikire ngolo. Anayenda pansi mpaka kugalimoto. Soren anabisa nkhope m'khosi mwawo njira yonse.

M'galimoto bambo ake anayatsa mpweya wotentha. Anagwedeza zipi ija pang'onopang'ono. Inatseguka. Anamuvula zonyowa zonse. Jekete lokha ndilo linali louma.

Kenako anafunafuna chikwama cha zovala zosinthira. Anayang'ana kumbuyo. Kunalibe. Anayang'ana pansi pa mpando. Panalibe. Anayang'ananso kumbuyo.

Makutu awo anafiira. Nawonso anangoti zyoli.

"Ndaiwala chikwama," anatero.

"Amayi sankaiwala," anatero Soren.

"Sankaiwala."

Mpweya wokha ndiwo unkamveka, fuuu.

"Tipite kunyumba," anatero bambo ake.

"Nanga mtengo?"

"Ndikagula wodulidwa kale kusitolo. Mawa ndili kuntchito."

Soren sanafune mtengo wa kusitolo. Ankafuna kusankha yekha. Koma analibe buluku.

Anayang'ana miyendo yake. Inali iwiri. Anayang'ana juzi ya bambo ake, yofiira, yaubweya. Mikono yake inalinso iwiri.

"Ababa, ndibwerekeni juzi yanu."

"Uli ndi jekete."

"Ayi. Ndivala kumiyendo."

Bambo ake anayang'ana juzi. Anayang'ana Soren. Kenako anavula jekete lawo. Anavula juzi.

Mwendo umodzi unalowa m'mkono umodzi. Mwendo wina unalowa m'mkono wina. Bambo ake anakokera juzi m'chiuno mwa Soren. Anamanga ndi mpango wa m'khosi. Anapukuta m'jombo ndi mapepala. Anavula masokosi awo, namuveka. Masokosiwo anafika m'mawondo.

Khosi la juzi linkalendewera kumbuyo.

Go! Go! Go! Munthu anagogoda pa windo. Anali Tessa. Mphuno yake inali pa galasi.

"Soren! Wavala juzi kumiyendo!" anakuwa Tessa. "Amayi, taonani! Soren ali ndi mchira!"

Tessa anaseka mpaka kugwira pamimba.

Soren anatsetserekera pansi pa mpando. Nkhope yake inatentha. Anafuna kulowa m'jombo, asatulukenso.

Bambo ake anagwira chiwongolero.

"Tizipita?" anafunsa.

Soren anakhalabe pansi pa mpando.

Bambo ake sanayendetse galimoto. Anadikira.

Soren anaganiza za mtengo wa kusitolo. Anaganiza za Tessa. Anaganizanso za mtengo.

Anakwera pa mpando.

"Tsegulani windo, Ababa."

Windo linatsika. Mphepo yozizira inalowa.

"Ndinadzikodzera," anatero Soren. "Zipi inakana."

Tessa anasiya kuseka. Anacheukira mayi ake. Mayi ake anali kumanga mtengo pamwamba pa galimoto yawo. Tessa anasendera pafupi.

"Yanganso inakana," ananong'ona. "Lolemba, kusukulu. Aphunzitsi anandiveka buluku la mnyamata."

"Zoona?"

"Ukauza munthu, ndikutsina."

"Sindiuza."

Tessa anasuzumiranso kumiyendo kwa Soren.

"Ikufunda?"

"Ikuyabwa," anatero Soren.

"Koma mchirawo ndi woseketsa."

"Ndikudziwa."

Mayi ake a Tessa anamuitana. Tessa anathamanga.

Soren anayang'ana kunja. Anthu anali pamzere, kudikira ngolo. Anali ambiri. Onse adzaona juzi. Onse adzaona mchira.

Anayang'ana bambo ake. Bambo ake anali kumanga jombo zawo. Anavala jombozo opanda masokosi.

"Simuzizidwa, Ababa?"

"Ndizizidwa."

"Ndisankha msanga."

"Usathamange. Sankha wabwino."

Bambo ake anatsegula chitseko. Anatambasula dzanja.

Soren anakoka juzi m'chiuno. Anagwira dzanja la bambo ake. Anatsika m'galimoto, napita kukaima pamzere wa ngolo.